Mpunga wanga wa zigamba

Moni ana a Mulungu, moni kuno, moni uko, moni nonse! Ine ndine Nangozo wa kufupi ndi Golomoti, ndimalera adzukulu anayi amasiye. Ndikuuzeni za chaka chimene ndinaberedwa mbande za mpunga. Wondibera sanachokere kutali ayi, ndi amene tinayamwa bere limodzi.

Ku mphakati wathu wa tchalitchi timachita chonchi: munthu akagonekedwa m'chipatala alibe womudikirira, timatumiza mayi mmodzi akamuphikire, akamuchapire. Sitifunsa kuti amapemphera kuti. Chaka chimenecho anadwala Abiti Saidi, mayi wachisilamu wogulitsa usipa, wobwera, wopanda mwana, wopanda mbale kuno. Mvula inali itayamba, aliyense mtima uli kusikimu ya mpunga. Anzanga anayang'ana pansi. Ine ndinati ndipita.

Mbande zanga za kilombero zinali zitamera pa nazale, zobiriwira, ati ukaziona njala n'kutha. Ndinamuuza mng'ono wanga Felesita kuti, mwana wa mayi anga, undiyang'anire anawa ndi mbandezi, sabata imodzi ndabwera. Sabata inabereka masabata atatu, chifukwa Abiti miyendo inatupa, ngakhale kuchimbudzi ndinkachita kuwabereka.

Tsiku lochoka kuchipatala cha Mua sindinalowe n'komwe m'nyumba, ndinathamangira kumunda. Pa nazale mbee! Matope okhaokha ndi mapazi a munthu. Kuponya maso pa puloti ya Felesita, yowokera bwinobwino, mizere mizere, kilombero wanga akuvina ndi mphepo. Iye chaka chimenecho sanafese, mbewu yake anadya kalekale.

Ndinamufunsa mofatsa. Sanasiye n'komwe kusefa mgaiwa wake. "Achemwali, mbande zimakalamba. Inu si munasankha kulima kuchipatala? Mukakolole komweko."

Abale, Felesita ndinamubereka kumsana ine. Pa ukwati wake ndinaphika ine. Ana ake onse woyamba kuwasambitsa ndine. Akanandipempha, kodi sindikanamugawira? Ndinalira, ndinalira, ndinaliranso. Mbewu ina ndinalibe, ndipo nthawi yofesa inali itapita. Lamulungu m'tchalitchi, nthawi yopatsana moni wa mtendere, ndinabisa dzanja m'chitenje kuti ndisamupatse Felesita. Pemphero la Atate Athu ndinkalidumpha pamene pakunena za kukhululuka. Ndinamufunsa Ambuye kuti, munandituma ndinu, nanga anawa adya chiyani?

Tsopano mverani. Mmawa wina ndikuona munthu akubwera ndi ndodo, pang'onopang'ono, beseni pamutu. Abiti Saidi! M'beseni la usipa lija munalibe usipa, munali mbande. Mukudziwa kuti wowokera aliyense amatsala ndi kamtolo, amakaponya m'mphepete mwa munda. Mayi uja, miyendo isanapole, anayenda puloti ndi puloti masiku anayi, apa kusiya kausipa, apa kutola kamtolo. "Wallahi, Anangozo, munandisambitsa ngati khanda. Mwati munda wanu ugone?" Amayi a mphakati atamva anachita manyazi, anabwera, tinawokera tsiku limodzi tikuimba.

Koma Abiti amadziwa nsomba, mpunga saudziwa. Anasakaniza mitundu yonse ya mpunga, pusa, faya, kilombero, beseni limodzi. Mpunga unakula apa wautali, apa waufupi, ngati chitenje cha zigamba. Odutsa ankaseka, ati agogo alima mitundu yonse ya anthu. Ndinangoti sekani.

Pusa uja anacha msanga, anzanga akadali ndi njala kudikira kilombero wawo. Ndinamweta, adzukulu anadya. Faya atacha, ndinamweta kachiwiri. Kilombero atacha, ndinamweta kachitatu. Munda umodzi, zokolola zitatu, aleluya, aleluya! Matumba sanachuluke ayi, koma palibe mwana anagona ndi njala.

Pusa woyambayo ndinaphika, mbale ina kwa Abiti, mbale ina kwa Felesita. Ya Abiti inabwera ndi usipa. Ya Felesita inabwera yotsuka, yopanda kanthu, yopanda mawu. Mpaka lero sanapepese, ndipo sindinama, ndikadutsa pa puloti yake chilonda chimanyerenyetsa. Koma dzanja ndinalitulutsa m'chitenje, Lamulungu lililonse ndimamupatsa.

Zikomo Yesu, zikomo Mwini mvula. Inu amene mwalumidwa ndi wa m'nyumba mwanu, musaleke kutumikira, limbani. Akadzatinso pali wodwala wopanda womudikirira, ine ndanyamula kale kapoto kanga.