Anachira n'kupita ku Unit N

Pa siteji ya maminibasi otchedwa makombi m'dera la Unit K, mayi wina wogwira m'chiuno anamva bambo wa ndodo akudandaula m'Chichewa, chiyankhulo cha kwawo, ndipo anasendera pafupi.

"Nanunso mukupita ku mafizo, bambo?"

"Eya, mayi, bondoli. Makondakitala akangoona ndodo amati kombi yadzaza. Sabata yatha ndinafika mochedwa kuchipatala, anandibweza."

"Ine njirayi ndaitopera. Poyamba ndinkaperekeza amuna anga atadwala sitiroko. Makombi ankakana njinga yawo ya olumala, ndiye ndinkawabereka ngati khanda."

"Maiwe! Pano ali bwanji?"

"Anachira. Adokotala akandionetsa kapindidwe ka mwendo, ine ndinkakawapinda amuna angawo kunyumba m'mawa ndi madzulo, iwo akunditukwana."

"Mulungu ndi wamkulu."

"Ndi wamkuludi. Tsiku limene anataya ndodo, anayenda okha mpaka ku Unit N, kwa mkazi wina. Ali komweko."

"Shuwa? Nanga lero mukukatani kuchipatala?"

"Msanawu, unavulala powabereka. Akuti ndibwere ndi munthu woti aphunzire kundiwongola kunyumba."

"Ndiye mwabwera ndi ndani?"

"Mukuonapo wina apa, bambo?"