Mayi Triza Kachingwe, amene ena munkawadziwa kuti Rhoda Paul

Mafumu, akuluampingo ndi nonse amene mwabwera kudzatikhuza, nthawi yakwana 2 koloko ndipo dzuwa likuswa mtengo, choncho sitikusungani.

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1979 ku Khombedza, m'banja la alimi a thonje. Sukulu anayambira komweko, ndipo folomu 4 anamaliza mu 1998. Mu 2001 anamanga ukwati woyera ndi a Chrispin Kachingwe, mphunzitsi, amene alemba mbiri ino.

Mu 2004 malemu anayamba kulemba nkhani za oimba ndi zisangalalo m'nyuzipepala ina ya m'boma lino. Ankakwera kabaza kupita ku maloji a ku Senga Bay, ku mipikisano ya makwaya, ngakhale kwa oimba magitala a zigubu ku Chinguluwe. Amuna awo ntchitoyi inkawachititsa manyazi. Poopa pakamwa pa anthu a kutchalitchi, anapempha kuti dzina la banja lisamaoneke patsamba la madansi. Malemu sanatsutse. Kwa zaka makumi awiri nkhani zawo zinkatuluka m'dzina la Rhoda Paul, ndipo wofunsa ankauzidwa kuti mayi amataipa makalata ku ofesi.

Lachisanu lililonse ankabwera ndi nyuzipepala n'kuiika patebulo, tsamba lawo lili pamwamba. Bambo ankaitenga n'kukakutira mabuku a kusukulu, osawerenga.

Mu Juni chaka chino mayi anayamba kuvutika ndi impso, ndipo anatisiya Lachitatu, pa 16 Okutobala 2024.

Pokhala pansi kuti alembe mbiri ino, a Kachingwe anapeza kuti za ntchito ya akazi awo sadziwapo kanthu. Zimene mwamvazi awauza ndi oimba amene aima kuseri kwa tenti uko. Anafika dzulo akufunsa maliro a Rhoda Paul, anthu n'kuwabweza kuti asochera. Abale athu, simunasochere. Rhoda Paul ndi amene agona apawa, ndipo pamtanda palembedwa mayina onse awiri. Senderani kutsogolo kuno.

Malemu asiya amuna awo ndi ana awiri, Ufulu ndi Mayamiko. Tikuthokoza anamwino, amayi a mpingo amene anatithandiza kudwazika, komanso adzukulu amene akonza nyumba yomaliza.

Lolemba bambo abwerera m'kalasi. Mabuku aja akadali pashelefu, ndipo akayamba kuwamatula limodzilimodzi kuti awerenge nkhani za akazi awo.

Mzimu wa mayi athuwa uuse mumtendere.