Mlandu wa Thalauza la Mayi Luwiza

Mu 1995 dziko linali litamasuka moti ngakhale apolisi ankapereka moni. M'chaka chimenecho Mayi Luwiza, amene anathawira ku Zambia kalekale atagwidwa atavala thalauza, analowa pa kapolisi kena ka kumalire a Mchinji atavalanso thalauza, n'kupeza Konsitebo Laston akukungudza mtedza.

"Ndabwera. Ndimangeni."

"Mwaswera bwanji, mayi? Mwapha munthu?"

"Taonani miyendo yangayi."

Laston anasuzumira pamwamba pa kauntala. "Ilipo yonse iwiri."

"Thalauza, mwanawe. Mkazi m'thalauza, masana, pamaso pa boma."

"Lakukhalani ndithu."

"Sindinabwere kudzayamikiridwa. Anyamata achipani anandigwira nalo pamsika, n'kukanditsekera, ine n'kupulumukira pawindo mpaka ku Chipata. Mlandu uja sunathe."

"Lamulo limenelo linatha, mayi. Ngakhale mlamu wanga amavala."

"Linatha osandiuza?"

"Analengeza pa wayilesi."

Luwiza anakhala pabenchi, nasanjikiza miyendo mwadala. "Tamvera. Kwathu ku Mlonyeni akuti ndinathawa ndi dalaivala wa lole. Mdzukulu wanga akukwatiwa Loweruka, ndipo akuchimuna akuti ndisakhale kutsogolo. Ndikufuna mudzi wonse undione m'unyolo, udziwe kuti ndinathawa boma."

"Nanga dalaivalayo analipo?"

"Anabwera pambuyo. Sizikukukhudza."

"Ngati mwamuna anakuthawani, pitani kukhoti."

"Iwe, azimayi adziko lino takhala tikupalamula chiyambire. Agogo a amayi anga anamwetsedwa mwabvi ati ndi mfiti. Amayi anga, atsamunda anawatsekera chifukwa cha kachasu. Ine ndekha ndilephere?"

Laston anasiya mtedza. "Kachasuyo akali kutcheza?"

"Anamwalira."

"Pepani. Ndiye palibe womanga."

"Kale wapolisi ankamanga kaye, mlandu n'kuupeza mawa. Anali amuna amenewo. Afiti, koma odziwa ntchito."

"Pano timayamba ndi mlandu. Mwatukwana munthu?"

"Ndingayambe ndi iwe."

"Ine sindikwiya msanga, mayi. Ndine wakwaya ku Ludzi."

Luwiza anaimirira n'kuzungulira pang'onopang'ono ngati akugulitsa. "Talionanso bwino. Latsopano ili. Ndagula dzana ku Chipata, atatu, kuti ndizisinthira m'ndende."

"Atatu? Pachipata cha malire anakulipiritsani msonkho wanji?"

"Pachipata ndikatani? Ndinadzera njira ya m'chimanga, yomwe ndinathawira."

Nkhope ya Laston inawala. Anapukuta manja, natsegula dirowa, natulutsa unyolo. "Mukanayamba ndi zimenezo, mayi. Kuzembetsa katundu. M'chitokosimo muli anzanu asanu ozembetsa shuga."

"A shuga? Ine ndine wandale."

"Akakusunthirani."

Luwiza anaganiza pang'ono, kenaka anatambasula manja. "Chabwino. Unyolo ndi unyolo. Koma popita kukhoti tikadzere ku Mlonyeni, pang'onopang'ono, nthawi yomwe azimayi ali pamjigo. Aone thalauza, aone unyolo, atseke pakamwa."

"Unyolo akauona. Thalauza ayi."

"Chifukwa?"

"Ndi umboni, mayi. Umboni umatsala kuno m'kabati." Laston anaitana wapolisi wamkazi kuseri. "Asajeni, tabwerekani mayiwa chitenje, avale ngati anthu."