Tulo Tinkandipeza Ngakhale Pabenchi

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, monire mose a kuno ku Chitipa. Ine ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Ntcheu koma ntchito inandibweretsa ku Lufita. Ndikufuna ndikuuzeni za tulo tomwe tinandichititsa manyazi kwa zaka zambiri, mpaka kutsala pang'ono kundilanda ntchito ndi moyo womwe.

Ndili mnyamata ndinkasewera mpira kumbuyo, ndipo kundidutsa sinali ntchito yamasewera. Nditakula ndinalowa timu ya madala yosewera Loweruka. Kuthamanga kunachepa koma kudya sikunachepe, chifukwa mpira ukatha tinkakhalira tchipisi, nyama yootcha ndi mowa. Mimba inatuluka, khosi linanenepa mpaka batani lapamwamba la malaya linasiya kumangika.

Kenako unabwera mkonono. Mayi a kunyumba ankandiuza kuti, "Bambo a Chisomo, inu si mkonono wokha ayi. Mumakhala zii ngati mwatisiya, kenako n'kudzidzimuka ngati mwatsamwa." Ine ndinkawakalipira kuti mwamuna wotopa amagona choncho. Koma m'mawa uliwonse ndinkadzuka mutu ukuwawa, kukamwa kuli gwa, thupi lolemera ngati ndachezera kulima.

Chomwe chinkandinyansa kwambiri n'choti tuloto sitinkasankha malo. Ndinkasinza ndikuchonga makope, ana n'kumaseka chamumtima. Ndinkasinza kutchalitchi ulaliki usanafike n'pakati pomwe. Koonetsera mpira pa Boma, chigoli chinkalowa, holo yonse n'kuimirira, ine n'kudzidzimuka kumafunsa kuti wagoletsa ndani. Anzanga anandipatsa dzina loti Jenereta chifukwa cha mkonono uja, ndipo linakakamira moti ngakhale amayi ogulitsa nthochi pamsika ankandiitana choncho. Ahedi anandiitanira mu ofesi, akuganiza kuti ndimabwera kuntchito nditamwa. Ena ankati ndine waulesi, ena ankati wina wandiponyera mankhwala. Aliyense anali ndi yankho lake, koma panalibe wondithandiza.

Tsiku lina masanasana ndinasinza ndili panjinga yamoto, ndikutsika chitunda cha ku Mafinga. Ndinadzidzimukira mungalande, bondo litasupuka, njinga ikulirabe pambali. Pomwepo ndinapemphera pemphero losakoma, lodandaula. Ndinati, "Ambuye, ndatopa nako kusekedwa. Ngati ndi matenda, ndionetseni dzina lake. Ngati ndi ulesi, ndichotsereni."

Yankho linabwera pabwalo la mpira ku Wenya. Tinapita kukasewera ndi madala a kumeneko, ndipo kochi anandiika pabenchi. Chigawo chachiwiri atafuna kuti ndilowe, anandipeza ndili chagada paudzu, ndikuliza mkonono dzuwa likuswa mtengo. Ochemerera a timu zonse ziwiri anaiwala mpira n'kuyamba kuimba za ine. Ndinadzuka ndi mkwiyo woti ndikanatha kumenya munthu.

Pakati pa ochemerera a timu inayo panali mayi wina, namwino wa pachipatala chaching'ono cha kuderalo. Iwo sankaseka. Anandiitanira pambali n'kunena kuti, "Pepani aphunzitsi, ndakhala ndikukuyang'anani muli m'tulo. Mpweya wanu umaduka, chifuwa chikuyesa kukoka koma kummero kwatsekeka. Amenewa ndi matenda, ndipo amawononga mtima."

Ndinayankha mwamwano kuti ndabwerera mpira, osati sikelo. Mayiwo sanakhumudwe. Anangoti Lolemba ndikayezetse kuthamanga kwa magazi, ndipo ndipite ndi mayi a kunyumba chifukwa ndi omwe amaona zomwe ine sindiona.

Ndinapita mokakamizika. Anapeza magazi akuthamanga kwambiri, ndipo ananditumiza kuchipatala chachikulu kumzinda. Dokotala wa kumeneko anandifotokozera kuti munthu akamagona, minofu yakummero imafooka n'kutseka njira ya mpweya, makamaka khosi likanenepa, ndipo mowa umawonjezera vutolo. Anati alipo makina opopera mpweya pogona, koma kuwapeza n'kovuta, komanso magetsi athu mukuwadziwa. Anandiuza kuti ndiyambe ndi kusiya mowa, kuchepetsa thupi, kumwa mankhwala a magazi ndi kugonera chammbali.

Zimenezi sizinali zokoma. Mayi a kunyumba anasokera kathumba kumsana kwa jezi yanga yakale n'kuikamo chitsononkho, kuti ndikatembenukira chagada chizindibaya. Masabata oyamba ndinkachitukwana chitsononkhocho. Njinga ndinaiimika, n'kumayenda wapansi kupita kusukulu. Anzanga a kumowa anandinena kuti ndikulamulidwa ndi mkazi.

Lero sindinganame kuti mkonono unatheratu, ndipo kuchipatala ndimapitabe. Koma mutu unasiya kuwawa, ahedi anasiya kundiyang'ana ndi diso lija, ndipo Loweruka lapitali ndinasewera chigawo chathunthu. Ndikuthokoza Mulungu yemwe anamva pemphero la munthu wokwiya, natumiza thandizo kuchokera kwa ochemerera timu yotsutsana nafe.

Inu osewera ndi ochemerera anzanga, musatope kupemphera, koma mukapemphera pitaninso kuchipatala. Ndipo mnzanu akamasinza mpira uli mkati, musathamangire kumupatsa dzina. Mvetserani kaye ngati akupuma.