Dzanja Limene Achemwali Anakweza ku Khonsolo

Malemu amene tikuwaperekeza lero, amene ambiri a inu munkangowatchula kuti Achemwali, anabadwa pa 9 Febuluwale 1963. Anali oyamba m'banja la ana asanu. Ine ndikuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo, mzime m'banjamo. Abale andipempha kuti ndiyankhule m'malo mwa banja, ndipo ndavomera, ngakhale kuti muli zina m'mbiri muno zimene zikundilemera pakamwa. Ndikamaima panjira, mundipirire.

Bambo athu anali mlonda pasitolo ya zitsulo, ndipo mayi athu ankasoka zovala pakhonde la nyumba ya lendi imene tinkakhala. Malemu anayamba sukulu mu 1970. Anali akuthwa mutu, makamaka pa masamu, ndipo mu 1978 anasankhidwa kupita kusekondale. Koma mu Novembala 1979 mayi athu anamwalira atadwala sabata imodzi yokha. Ine ndinali ndi zaka zinayi. Malemu analongedza mabuku awo m'katoni, naika pamwamba pa kabati, ndipo m'kalasi sanabwererenso. Kuyambira pamenepo ndi iwo ankatisambitsa, kutiphikira, kutiperekeza kusukulu ndi kutikalipira. Nkhope ya mayi otibereka sindiikumbukira. Ndikamva mawu oti mayi, imene imabwera ndi nkhope ya Achemwali.

Mu 1980 anayamba kugulitsa tiyi ndi buledi pasiteji ya matakisi, kuseri kwa msika. Anali ndi tebulo limodzi, mabenchi awiri ndi ketulo yaikulu yopindika chogwirira. Amene mumagwira ntchito pasitejipo mukudziwa mmene malowo alili, chifukwa mpaka lero sanasinthe. Dzuwa likaswa mtengo, ndi fumbi lokhalokha. Mvula ikagwa, madzi onse a mumsika amatsikira pamenepo, ndipo okwera amavula nsapato kuti afike pagalimoto. Palibe shedi, palibe mpopi, palibe chimbudzi. Madalaivala anamva ife ana tikuwaitana kuti achemwali, iwonso anangotengera pomwepo, mpaka akuluakulu a imvi ankawaitana choncho.

Mu Ogasiti 1984 anakwatiwa ndi dalaivala wina wofatsa, amene anzake ankamuseka kuti amamwa makapu anayi a tiyi patsiku pomwe tiyi samukonda. Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi. Alamu athuwo anamwalira mu Meyi 1996, nasiya galimoto yakale imene chitseko chake chakumbuyo chinkatsegukira kunja kokha. Achibale analangiza kuti igulitsidwe. Malemu anakana. Anaphunzira kuyendetsa, analephera mayeso kawiri, kachitatu anakhoza, ndipo mu 1997 anakhala mayi woyamba kuimika takisi pasiteji ija. Amuna ankawaseka kuti amayendetsa ngati anyamula mazira. Posakhalitsa kusekako kunatha, chifukwa amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala ankalumpha magalimoto onse apamzere n'kumadikira ya Achemwali.

Mu 1999 anandiphunzitsa inenso kuyendetsa. Ndikapondereza kilatchi ankandimenya kambama kunkhongo, ndili bambo wandevu kale. Ntchito imene ndikudyetsera ana anga lero inachokera m'manja mwawo.

Mu 2005 madalaivala anawasankha kukhala wapampando wa bungwe lathu. Chaka chilichonse, khonsolo ikamakonza bajeti, iwo ankalemba kalata yopempha kuti siteji aiwake ndi simenti, aimangire shedi ndi zimbudzi. Kalatayo ankakapereka okha, n'kudikira pabenchi mpaka mlembi ataidinda. Analemba makalata asanu ndi anayi. Yankho silinkasintha: nkhaniyi tiiona chaka chamawa.

Titatopa, mu 2014 tinawapempha kuti apikisane nawo pa ukhansala wa dera lathu. Poyamba anakana, amvekere sukulu yawo inathera panjira. Tinawakakamiza. Patsiku la voti tinanyamula anthu ulere kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo anapambana. Mpando wawo wa kubungwe anausiyira ine. Kukhonsolo sanali munthu wa mawu ambiri, koma mapepala a bajeti ankawawerenga mzere ndi mzere, chala chili papepala, ndipo akapeza posamveka ankafunsa kufikira atamva. Ndi iwo analimbikira kuti galimoto yotola zinyalala izifika kumsika kawiri pasabata, ndiponso kuti magetsi a mumsewu wopita kusukulu akonzedwe.

Kumayambiriro kwa 2017 siteji yathu inalowa m'bajeti. Anthu a khonsolo anabwera ndi zingwe zoyezera, nakhoma zikhomo pansi. Tinakondwa ngati ana. Koma pofika Juni, khonsolo inalengeza kuti chuma chachepa, ndipo dera lililonse lisankhe chitukuko chimodzi chokha. M'dera lathu munali ziwiri. China chinali siteji. China chinali chipinda cha amayi oyembekezera pachipatala chathu chaching'ono, chimene denga lake linali litagwa mbali imodzi, thanki ya madzi itaboola. Akuluakulu a zaumoyo anali atanena kuti chikapanda kukonzedwa chaka chimenecho achitseka, ndipo amayi azipita kuchipatala chachikulu, kutsidya lina la mzinda.

Msonkhano unachitika pa 22 Juni 2017. Ife madalaivala tinaimika magalimoto, tinavala malaya oyera, n'kukadzaza mabenchi akumbuyo m'holo ya khonsolo. Tinalibe nkhawa, poti tinali ndi munthu wathu. Makhansala anagawanika pakati, ndipo onse anatembenukira kwa khansala wa deralo. Malemu anaimirira. Ananena kuti matope a pasiteji akuwadziwa kuposa aliyense m'holomo, chifukwa awaponda zaka zoposa makumi atatu. Kenaka ananena kuti pampando wakumbuyo wa galimoto yawo pabadwira ana atatu, ndipo mu 2003, chipatala chaching'onocho chisanamangidwe, mayi wina anathera pampando womwewo magalimoto atathithikana pamsewu, chipatala chachikulu chikuonekera patali. Nkhani imeneyi ngakhale ife apabanja tinali tisanaimvepo. Atatha kuyankhula anakweza dzanja kuvomereza chipatala, nakhala pansi.

Apa ndi pamene pakundilemera. Woyamba kuimirira m'mabenchi akumbuyo ndinali ine. Ndinawalalatira mlongo wanga pamaso pa khonsolo yonse ndi mawu amene sindingawabwereze pamaliro. Ndinati atigulitsa. Alonda anandikokera kunja. M'mawa mwake, pabolodi limene timalembapo mzere wa magalimoto, ndinafufuta nambala ya galimoto yawo ndi dzanja langali, ndipo tinagwirizana kuti isadzanyamulenso munthu pasiteji. Malemu anali ndi mphamvu zokatisumira kukhonsolo, pakuti malowo ndi a khonsolo. Sanatero. Anangouza dalaivala amene ankawayendetsera nthawi imeneyo kuti achoke mwamtendere.

Chipinda cha amayi chinatsegulidwanso mu Malichi 2018, chili ndi denga latsopano, madzi ndi mabedi asanu ndi limodzi. Ife sitinapiteko. Pachisankho cha 2019 tinanyamulanso anthu ulere, koma ulendo uno kuti akavotere wina, ndipo malemu anagwa. Ali ndi zaka 56 anabwerera pachiwongolero. Poti pasiteji tinali titawatsekera, ankaimika galimoto pageti la chipatala chaching'ono chija, pansi pa chikwangwani, n'kumadikira odwala otumizidwa kuchipatala chachikulu.

Zaka zisanu zinadutsa ine ndi mlongo wanga osalankhulana. Tikakumana pamsewu iwo ankaliza hutala kamodzi, ine n'kuyang'ana kumbali. Paukwati wa mwana wanga wamkazi, mu 2021, sindinawaitane. Anabwerabe. Anakhala benchi yomaliza m'tchalitchi, anasiya mphatso kwa mlamu wawo, mayi a kunyumba kwanga, nachoka zithunzi zisanayambe.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinazindikira ndekha kulakwa kwanga, koma lingakhale bodza. Tsiku lina masana, mu Ogasiti 2022, ndikuchokera kumsika ndi okwera anayi, ndinaona galimoto yawo itafa pachitunda cha pafupi ndi malo omwetsera mafuta. Iwo anali kunja, dzanja limodzi pachiwongolero, phewa pachitseko, akukankha okha. Ndinadutsa. Ndinakatsitsa anthu anga onse. Ndinabwerera. Ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa ngalande, akupuma movutika, nsapato atavula chifukwa mapazi anali atatupa. Anandiyang'ana, nati, "Mzime, wachedwa. Chingwe uli nacho?" Mawu oyamba pa zaka zisanu anali amenewo. Ndinakoka galimotoyo mpaka kugalaja, ndipo iwo ndinapita nawo kuchipatala tsiku lomwelo, akukana njira yonse.

Madokotala anapeza kuti impso zawo zinali zitawonongeka chifukwa cha shuga ndi kuthamanga kwa magazi, matenda amene anakhala nawo nthawi yaitali osauza ana awo. Kuyambira Okutobala 2022 ankafunika kupita kumakina otsuka magazi kawiri pasabata, Lachiwiri ndi Lachisanu. Nkhaniyi ndinakainena kusiteji. Kenaka mkulu wina, amene tinali naye limodzi polalata kukhonsolo kuja, anatenga choko nalemba nambala ya Achemwali pamwamba penipeni pa bolodi, ndipo pansi pake madalaivala anayamba kulemba masiku awo owanyamulira. Kwa chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri sanajombe kumakinako ngakhale kamodzi. Ankakhala kutsogolo, ofooka choncho, koma akudzudzulabe aliyense wothamangitsa galimoto pamabampu.

Ndinawapepesa tsiku lina tili awiri kuchipinda kwawo. Sanandilole kuti nditalikitse. Anati, "Matope aja ndi enieni, sunaname. Ndikanakhala pabenchi yakumbuyo mwina inenso ndikanakalipa. Koma atandibwezera m'holo muja, dzanja ndingakwezenso pomwe paja." Sananenepo kuti ife tinalakwa kufuna siteji, ndipo sananenepo kuti iwo analakwa kusankha chipatala. Zonse ziwiri anapita nazo choncho.

Mu Epulo chaka chino, atamva kuti khonsolo yayamba kukonza bajeti, anaitana mwana wawo wamkulu, amene ndi mphunzitsi, kuti awalembere kalata yopempha siteji, popeza manja awo sankathanso kugwira cholembera. Anasaina movutika, nandituma kuti ndikapereke, ndipo anandilamula kuti ndisachoke pabenchi mpaka mlembi ataidinda. Ndinatero.

Pa 3 Meyi 2024 anagonekedwa kuchipatala chachikulu atayamba kubanika. Madokotala ndi anamwino anayesetsa mbali yawo. Loweruka pa 11 Meyi, cha m'ma 3 koloko masana, ana awo onse anayi ali pambali pa bedi, Achemwali anatisiya. Amwalira ali ndi zaka 61.

Malemu asiya ana anayi, aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi, adzukulu asanu ndi awiri, ang'ono awo awiri ndi ife alongo awo awiri. Asiyanso ana ambiri amene anabadwira m'chipinda cha amayi chija, amene sadzadziwa n'komwe kuti anakwezeredwa dzanja ndi ndani.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino a kumakina otsuka magazi, amene anawasamalira ngati mayi wawo. Ndikuthokoza anamwino a pachipatala chathu chaching'ono, amene abwera pano atavala yunifolomu. Ndikuthokoza abusa ndi amayi a mpingo, anansi amene atitsegulira nyumba zawo, ndi amalonda a mumsika amene atseka mabenchi awo lero. Madalaivala anzanga, mwaimika magalimoto tsiku lonse kuti munyamule anamfedwa, Mulungu akubwezereni. Kwa a khonsolo amene muli pakati pathu, zikomo chifukwa cha mipando ndi tenti. Pamaliro sipokambira za bajeti, ndipo sindikamba. Ndingokukumbutsani mwaulemu kuti kalata yomaliza ya malemu ili patebulo panu, yodindadinda.

Ndisanakhale pansi, ndiloleni ndilankhule ndi mlongo wanga. Achemwali, ndinakupepesani kuchipinda, chitseko chili chotseka, koma kukunyozani ndinakunyozani pagulu. Ambiri amene anandimva tsiku lija ali pano. Tsono ndikunena pamaso pawo, ndi pamaso pa ana anu: simunatigulitse. Ndinalakwa ndine. Mundikhululukire.

Mwatilera, mwatopa. Pitani bwino, Achemwali. Mulungu akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.