Chigwada cha ku London

Mundiwerengereko kalatayi pa wailesi kuti anzanga kwathu ku Malemia aseke nawo.

Chaka chatha ndinapita ku Mangalande kukawonjezera maphunziro a uphunzitsi. Kuzizira ndi mbatatesi za tsiku ndi tsiku zinanditopetsa, moti ndinatsala pang'ono kusiya sukulu n'kubwerera kwa ana anga. Loweruka lina anatikweza sitima kuti tikaone mzinda wa London. Tinaona nyumba ya Mfumukazi, milatho, ndi wotchi yaikulu ija timaimva pa wailesi. Zinali zokongola ndithu, koma mtima wanga unali kwathu ku Domasi.

Lamulungu tinapita kumunda wa maluwa, n'kulowa m'nyumba yagalasi yotentha ngati kwathu mu Okutobala. Pakona ndinaona chinangwa chenicheni, atachiikira chikwangwani, azungu akuchijambula. Dzanja langa linangopita lokha n'kuthyola nsonga ziwiri.

Bambo wina wachikulire wosamala mundawo anandiona. Maganizo anga anathamangira kwa apolisi.

"Mayi, masambawo mukatani nawo?" anandifunsa.

"Pepani bambo, kwathu ndi ndiwo. Timasinja mumtondo n'kutendera."

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuthirira ndiwo?"

Anaseka mpaka misozi, kenaka anandidzazira m'thumba masamba amene anasadza m'mawa. Kusukulu ndinawasinja ndi botolo, n'kuthira chiponde cha m'sitolo. Nditadya mtima unakhala pansi, ndipo maphunziro ndinamaliza.

Amayi a ku Malemia, chigwada muzichithyola mwaulemu. Ku London chili ndi mlonda wake.