Chisakasa cha a Lawford

Chaka chimene boma linasamuka ku Zomba, a Lawford anapatsidwa nyumba ku Area 47 mongobwereka, ndipo woti agamule ngati akhalemobe kapena akapanikizane ku Kawale anali bwana wawo, munthu wokonda mitengo kuposa abale ake. Ndiye pofuna kumugwira mtima, anamuitanira phwando la Khirisimasi, nalonjeza kuti paphwandopo sipadulidwa ngakhale kanthambi.

Pabwalo pawo panali kapaini kamodzi kokha, kamene anachoka nako ku Zomba atakafukata pamiyendo m'lole. Kwina konse makatapila osalaza malo omangapo anali atameta mpala. Popita kumsika wa Lilongwe kukagula nkhuku, anauza mlamu wawo Ezekiel kuti alendo adyere pafupi ndi kamtengoko osanyowa ndi mvula, koma kamtengoko kasakhudzidwe. Tsono Ezekiel ndi munthu woti ukamutuma mchere amabwera nawo m'manja, chifukwa za mbale sunanene.

Pobwerera, nkhuku zili kukhwapa, a Lawford anapeza chisakasa chachikulu chofoleredwa ndi masamba aawisi, kapaini kali pakati ngati mkwatibwi. Mtima unangoti myaa.

"Koma alamu mwaigwira ntchito."

"Kamtengo kanu sindinakakhudze," anatero Ezekiel akupukuta chikwanje.

A Lawford anayang'ana chikwanjecho. Anayang'ananso nsanamira, utomoni ukudontha.

"Nanga mitengo iyi?"

"Ndadula."

"Sindinanene kuti osadula mtengo?"

"Munati wanu. Iyi si yanu."

A Lawford si munthu wovomera kuti analakwitsa malangizo, olo muwapanikize pakhoma. Anatula nkhuku pansi n'kulamula kuti phwandolo likhalabe losadula mtengo, ndipo bwana akafunsa, auzidwe kuti mitengoyo inagwa ndi mphepo.

"Chabwino," anatero Ezekiel. "Akafunsa za nthambi, ndinene kuti yasadza ndi mphepo yomweyo?"

"Musanene kanthu za nthambi."

"Nanga akafunsa?"

"Muzitafuna nyama."

"Ikatha?"

"Mutafune fupa, alamu!"

Ezekiel anagwedeza mutu kusonyeza kuti wamva. Apo m'pamene a Lawford anamwaza maso uku ndi uku, n'kuona dothi lofiira lokhalokha ndi nyumba zatsopano zili mbuu padzuwa. Mantha anawagwira.

"Kodi kuno kopanda mitengo kuno, mwaipeza kuti?"

"Kunyumba yachikasu ija, kuseri kwa msewu. Yopanda makatani."

Nyumba yachikasuyo inali ya bwana wawo. Banja lake linali likadali ku Zomba, koma iye anali atasungitsa mitengo ya pamalopo makatapila asanafike, mpaka kukangana ndi omanga.

"Iwe Ezekiel, unapempha kwa ndani?"

"Ndinaodira mpaka mawu kusasa. Palibe anayankha."

"Ndiye palibe akayankha, umadula?"

"Palibenso anakana."

A Lawford anazungulira chisakasacho atagwira m'mutu, nkhuku imodzi n'kupezerapo mpata wothawa. Kenaka anaima, n'kunena kuti mitengo yonse ibwezedwe kumene inachokera. Ezekiel anafunsa ngati akaiike pazitsa kapena akaizike pambali. Anauzidwa kuti akaizike. Anafunsanso ngati denga apite nalo, poti masambawo ndi a komweko.

"Zonse! Gumula!"

"Munati alendo asanyowe."

"Anyowe!"

"Ndi bwana yemwe?"

A Lawford anakhala pansi, pamatope pomwepo, buluku la Khirisimasi lili m'thupi. Anapuma, n'kuyamba kudzilimbitsa mtima. Nyumbayo inalibe munthu, msewu unali zii, ndipo mitengo ikasadzidwa imafanana yonse. Bola pakamwa pakhale potseka.

"Tamverani alamu," anatero motsitsa mawu. "Palibe wakuonani, eti?"

"Palibe. Kupatula bambo wina wamagalasi, amene anafika nditamaliza, atanyamula thumba la manyowa."

"Ananena chiyani?"

"Poyamba anangokhala pachitsa. Kenaka anafunsa amene wandituma."

"Ndiye inu munati?"

"Ndinanena zoona, kuti ndi a Lawford, ali ndi phwando losadula mtengo."

A Lawford anadzambatuka n'kuyang'ana kumsewu.

"Musadandaule alamu, akubwera ndithu," anatero Ezekiel akutola chikwanje chake. "Ndimati ndiwalozere njira, koma anati nyumba ino akuidziwa bwino. Akuti makiyi ake ena amasunga ndi iwo."